Mmene mungasankhire nsapato za kuntchito zosaluma koma zoyenerana ndi diresi ndi siketi

Mukalowa m'maofesi ambiri cha m'ma 2 koloko masana n'kusuzumira pansi pa madesiki, mupeza nsapato za gogoda zitagona chammbali, eni ake ali pa patapata, kudikira kuti akaitanidwa kwa bwana avale msangamsanga. Kunyumba nkhani ndi yomweyo. Nsapato zokongola zandandalikidwa pansi pa bedi, zina zinavalidwa kamodzi kokha, koma m'mawa uliwonse dzanja limapita pa imodzi yomwe ija yakutha chifukwa ndi yokhayo yosaluma.

Sikuti amayi sadziwa kutchena ayi. Vuto ndi kagulidwe. Timagula ndi maso, titakhala pansi, m'mawa mapazi asanatupe, ndipo wogulitsa akati "imeneyi ikula mukamaivala" timangovomera. Nsapato ya kuntchito imasankhidwa ndi phazi kaye, diso limabwera pambuyo. Tsatirani ndondomeko iyi kuti mupeze nsapato yokhala nayo kuphazi kuyambira pochoka pakhomo mpaka poweruka, yomwenso siichotsera ulemu siketi kapena diresi yanu.

## Zofunika kukonzeratu

- Mapepala awiri oyera ndi katoni yopyapyala yokwana phazi lonse
- Pensulo ndi sizasi
- Tepi ya telala kapena lula
- Masokosi opyapyala kapena sitokingi, ngati mumavala popita kuntchito
- Zithunzi za m'foni mutavala madiresi ndi masiketi anu a kuntchito, zooneka mpaka kumapazi
- Munthu wokuthandizani kujambula phazi
- Nthawi yokwanira yokagula, ndipo ikhale ya masana
- Zogwiritsa ntchito mukagula: pulasitala, Vaseline, polishi, bulashi ndi nyuzipepala zakale

## 1. Ganizirani tsiku lanu lonse musanapite kusitolo

Dzifunseni mafunso atatu. Mumayenda wapansi mtunda wautali bwanji? Mumaimirira maola angati? Nanga kuntchito kwanu amalola nsapato zotani?

Mphunzitsi woima pabolodi m'mawa wonse sangagule mofanana ndi mayi wa ku akaunti amene amaswera pampando. Wochokera ku Ndirande kapena ku Chilomoni, kumene njira zina ndi zokwera komanso zamiyala, akufunika soli yokhuthala yogwira pansi. Wokwera kabaza kapena njinga yamoto akufunika nsapato yogwira kuchidendene, chifukwa yongopisa phazi yopanda kumbuyo imavuka pamsewu. Malo ngati mabanki, makhothi ndi mahotela amakonda nsapato yotseka zala, choncho ngati mwangoyamba kumene ntchito, funsani anzanu musanawononge ndalama.

Chenjezo: Ngati msewu wa kwanu ndi wafumbi m'chilimwe ndi wamatope m'dzinja, musakakamize nsapato imodzi kugwira ntchito ziwiri. Yendani ndi ina yapamsewu, ya mu ofesi ikhale m'chikwama kapena m'dirowa. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, ndipo nsapato yanu yabwinoyo ikhalitsa.

## 2. Yezani mapazi anu, onse awiri

Chitani izi madzulo mutaweruka. Mapazi amatupa pang'onopang'ono tsiku likamapita, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ndipo phazi lotupalo ndi lomwe nsapato iyenera kulikwana.

Ikani pepala pasimenti, osati pakapeti kapena pamkeka. Imirirani bwinobwino, thupi likulemera pa mapazi onse awiri. Wokuthandizaniyo ajambule mozungulira phazi, pensulo itaima mowongoka, osaipendeketsa kulowa kunsi kwa phazi. Mukajambula nokha mutawerama, phazi limasintha kaimidwe ndipo muyeso umatuluka wolakwika.

Kenako yezani kuchokera kumbuyo kwa chidendene kufika kunsonga ya chala chachitali. Onetsetsani, chifukwa si onse amene chala chachikulu ndicho chachitali. Ena ndi chachiwiri. Yezaninso m'lifupi pamalo otambalala kwambiri, pamene zala zimayambira. Mukayerekeza mapepala awiriwo, mwina mupeza kuti phazi limodzi ndi lokulirapo. Anthu ambiri ali choncho. Gulirani lalikululo.

Tsopano jambulani phazi lalikululo pakatoni, mudule ndi sizasi n'kuika m'chikwama. Mukafika pamsika, lowetsani katoniyo mu nsapato yomwe yakudololani. Ikapindika m'mbali kapena kutsogolo, bwezani nsapatoyo pamulu musanavutike n'kuvula yanu.

Chenjezo: Musadalire sayizi yomwe munkavala ku sekondale. Phazi limasintha ndi zaka komanso thupi likawonjezeka. Amayi ambiri akabereka, phazi limatalikirapo kapena kutambalala ndipo silibwereranso mwakale.

## 3. Dziwani kuwerenga manambala

Nsapato zomwe timagula kuno zimachokera kosiyanasiyana, n'chifukwa chake pamulu umodzi mumapeza 5, 38, 7 ndi 240, zonse zokwana phazi limodzi. Za ku South Africa zimatsatira manambala a ku Britain. Poyerekeza ndi a ku Ulaya, 4 amafanana ndi 37, 5 ndi 38, 6 ndi 39, 7 ndi 40 kapena 41, ndipo 8 ndi 42. Pa nsapato za amayi za ku America onjezerani 2 pa nambala ya ku Britain: ngati mumavala 5, ya ku America funani 7. Zina za ku China zimalembedwa 235, 240 kapena 245, womwe ndi utali wa phazi m'mamilimita, choncho muyeso wanu uja ukuthandizani mwachindunji.

Kusiyana kwa sayizi imodzi ndi inzake sikufika ngakhale sentimita imodzi, ndipo makampani sadula mofanana. Nambala ndi poyambira chabe. Komanso siinena chilichonse za kutambalala kwa phazi. Amene tinakula tikuyenda kwambiri osavala nsapato nthawi zambiri tili ndi mapazi otambalala kutsogolo, pomwe nsapato zambiri za mu ofesi zimasokedwa zowonda. Mukaona mawu oti wide fit, kapena zilembo E, EE ndi W pafupi ndi nambala, dziwani kuti imeneyo ndi ya phazi lotambalala. Iyeseni.

Chenjezo: Nsapato ikathina m'mbali, ambiri amatenga sayizi yokulirapo. Zotsatira zake phazi limatsetserekera kutsogolo, kumbuyo kumavuka, ndipo zala zimagwira ntchito yokanirira nsapato tsiku lonse. Funani yotambalala, osati yaitali.

## 4. Sankhani chidendene

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Phazi lili ndi mafupa 26, ndipo mukaima pansi kulemera kwa thupi kumagawidwa pakati pa chidendene ndi kutsogolo. Chidendene cha nsapato chikamatalika, kulemerako kumathamangira kutsogolo, pa timafupa ta kunsi kwa zala. N'chifukwa chake pamenepo pamawotcha pofika masana. Mawondo ndi msana nazonso zimasintha kaimidwe kuti musagwe, ndipo madzulo mumamva kutopa komwe simukudziwa kwachokera kuti.

Ya tsiku ndi tsiku ikhale ndi chidendene cha masentimita 2 mpaka 5. Osangoyerekeza ndi maso, tulutsani tepi muyeze kumbuyo, kuchokera pansi kufika pamene chidendene chalumikizana ndi nsapato. Yopitirira masentimita 7 isungireni ukwati ndi chinkhoswe.

Kunenepa kwa chidendene n'kofunika ngati kutalika kwake komwe. Nazi zomwe mupeze kawirikawiri:

Block heel, chidendene chonenepa chamakona. Kwa ine iyi ndiyo mfumu ya nsapato za kuntchito. Imakukwezani, imaoneka yaulemu, ndipo simugwedezeka potsika minibasi. Ngati ndalama ikukwana nsapato imodzi yokha, gulani yakuda yotseka zala ya block heel ya masentimita 4 kapena 5.

Wedge, yomwe soli ndi chidendene zimakhala chinthu chimodzi. Phazi lonse limapondera, ndipo siimira m'dothi. Onani kuti isakhale yolemera kwambiri, komanso yomangidwa ndi zingwe m'mbali mwa soli ndi ya kokayenda, osati ya mu ofesi.

Kitten heel, kachidendene kakafupi koma kowonda. Kamaoneka bwino kwambiri ndi siketi yothina. N'koyenera amene amakhala pampando ndipo sayenda pamiyala.

Nsapato ikakhala ndi soli yokwera kutsogolo, chotsani kukwerako pa utali wa chidendene. Chidendene cha masentimita 7 chokhala ndi soli ya masentimita 2 kutsogolo, phazi limachimva ngati cha 5.

Onaninso pamene chidendene chaikidwa. Chiyenera kukhala kunsi kwenikweni kwa chidendene cha phazi lanu. Chikakhala kumbuyo kwambiri, poyenda mumamva ngati nsapato ikufuna kuthyoka pakati.

Chenjezo: Ambiri akatopa ndi gogoda amathawira ku maflat opyapyala, aja opindika n'kulowa m'chikwama. Nawonso amapweteka. Mwala uliwonse mumaumva, pakati pa phazi palibe chochirikiza, ndipo ena amayamba kumva kulasa kunsi kwa chidendene akamaponda pansi koyamba m'mawa. Flat yabwino imakhala ndi kachidendene ka sentimita imodzi kapena ziwiri, soli yokhuthalirapo, ndi pofewa m'kati.

## 5. Onani kutsogolo ndi chomwe anapangira

Nsapato yosongoka si yoletsedwa. Chofunika n'chakuti kusongokako kuyambe zala zitatha. Ikani katoni yanu ija pansi pa nsapato, ziwirizi zitalingana kumbuyo. Ngati katoni ikutulukira m'mbali mwa soli, ndiye kuti zala zanu zikapanikizana m'katimo. Yozungulira pang'ono, yomwe imachepa mofatsa kupita kunsonga, imakwana mapazi ambiri ndipo imaonekabe yotchena. Ya makona kutsogolo imapereka malo ochuluka kuposa zonse. Ngati fupa la pachala chachikulu linayamba kutulukira kumbali, pewani nsapato yomwe msoko kapena m'mphepete mwake mukudutsa pamenepo.

Chikopa chenicheni chimapuma, chimafewa, ndipo chimatsatira phazi. Zopangidwa ndi pulasitiki yooneka ngati chikopa zimasunga thukuta, zimabweretsa fungo, ndipo zikakumana ndi kutentha kwa kuno zimayamba kusupuka. Pofuna kusiyanitsa, kanikizani ndi chala: chikopa chimachita timakwinya ting'onoting'ono n'kubwerera. Nunkhizani. Yang'anani m'mphepete momwe anadula, chifukwa chikopa chimaoneka chaubweyaubweya kumbuyo, pomwe pulasitiki imakhala itamatidwa pansalu.

Nsapato zambiri zochokera ku Ulaya zimakhala ndi kapepala ka tizithunzi kunsi kapena m'kati. Kachithunzi kooneka ngati chikopa chokhomedwa poyanika kamatanthauza chikopa chenicheni. Ka makona anayi koima ndi nsonga kamatanthauza zinthu zina monga pulasitiki, ndipo kolukanalukana ndi nsalu. Mizere yake imakhala itatu: pamwamba, m'kati ndi soli. Mzere wa m'kati musaunyalanyaze, chifukwa ndi umene umakhudza khungu lanu.

Suede, chikopa chaubweyaubweya pamwamba, ndi yokongola, koma fumbi lofiira la ku Lilongwe likailowa, kuichotsa ndi ntchito. Yonyezimira ija ya patent imapukutika mosavuta ndi kansalu konyowa, koma siifewa, choncho ikukwaneni tsiku lomwelo.

## 6. Iyeseni ndi manja

Musanaivale, chitani zinthu zisanu izi. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

Ipindeni. Ipindike pamene zala zimayambira pokha. Ikapindika pakati, siichirikiza phazi.

Igwireni kutsogolo ndi kumbuyo n'kuipotokola. Ikapotoka ngati nsalu yomwe mukufinya pochapa, isiyeni.

Finyani kumbuyo komwe kumagwira chidendene. Kukhale kolimba m'munsi koma kofewa m'mphepete mwa pamwamba.

Iikeni patebulo kapena pamalo osalala, muikankhe pang'ono ndi chala. Ikamagwedera yokha, idzagwederanso muli momwemo.

Pomaliza pisani dzanja m'kati mpaka kunsonga, mufufuze msoko wokakala, guluu wouma kapena kamsomali.

## 7. Valani zonse ziwiri, muyende

Valani ndi sitokingi kapena masokosi omwe muzivala kuntchito. Imirirani. Pakati pa chala chachitali ndi mapeto a malo a zala pakhale mpata wa pafupifupi sentimita imodzi, ndipo zala zizitha kugwedezeka. Chikhadabo cha chala chachikulu chisamagunde pamwamba.

Yendani pamalo olimba kwa mphindi zingapo, osati masitepe awiri pakapeti ya m'sitolo. Yendani mofulumira ngati mukuthamangira minibasi. Ngati pali masitepe, kwerani ndi kutsika. Nyang'amani pa zala muone ngati kumbuyo kukuvuka. Mverani m'mphepete mwa nsapato ngati mukudya kunsi kwa kakolo kapena kumbuyo kwa chidendene. Pamene pakungokhudza pang'ono m'sitolo ndi pamene padzatuluke thuza Lolemba.

Wogulitsa akamakufulumizitsani kapena kukana kuti muyende nayo, thokozani mupite kwina.

Chenjezo: Mawu oti "ikula" ali ndi malire. Chikopa chenicheni chimatambalala pang'ono m'mbali, koma palibe nsapato yomwe imatalika. Ya pulasitiki siisintha n'komwe; chomwe chimagonja ndi phazi lanu.

## 8. Iyerekezeni ndi masiketi ndi madiresi anu

Nsapato zomwe zapambana mayeso onsewa ndi zomwe tsopano muziyang'ane ndi diso la kutchena. Tsegulani zithunzi zija m'foni. Chofunika kuona ndi pamene mpendero wa chovala wathera, ndi mwendo womwe ukuoneka pakati pa mpenderowo ndi nsapato. Imani patali ndi galasi lalitali kuti mudzione thupi lonse. Kagalasi kapansi ka m'sitolo kamaonetsa nsapato yokha, ndipo nsapato iliyonse imakongola ikakhala yokha.

Siketi yothina yofika m'mawondo. Iyi siivuta. Nsapato yotseka zala ya block heel kapena kitten heel, yochepa mofatsa kutsogolo, imaikhala bwino. Ya slingback, yokhala ndi lamba wodutsa kumbuyo kwa chidendene, ndi yabwino m'nyengo yotentha chifukwa phazi limapitidwa mphepo koma zala zili zobisika. Flat yozungulira kwambiri imaichepetsa mphamvu siketi yotere. Ngati mukufuna flat, tengani yosongoka pang'ono.

Siketi kapena diresi yothera pakati pa bondo ndi kakolo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Chovala chotere chimathera pamene mwendo uli wonenepa kwambiri, ndipo kachigawo ka mwendo kooneka n'kakafupi. Mukavala nsapato ya lamba wonenepa wozungulira kakolo, kachigawoko mwakadulanso pawiri, ndipo mumaoneka wamfupi kuposa mmene mulili. Funani nsapato yotsegula pamwamba pa phazi, yomwe m'mphepete mwake muli pafupi ndi poyambira zala, kuti mwendo uzioneka ngati ukupitirira. Kachidendene ka masentimita 4 kapena 5 kamathandiza kwambiri. Ngati phazi lanu limavula nsapato popanda lamba, sankhani lamba wowonda wa mtundu wofanana ndi khungu lanu, kapena wodutsa pamwamba pa phazi ngati wa Mary Jane.

Diresi yaitali ya chitenje yofika mu akakolo. Chomwe chimaoneka ndi nsonga ya nsapato basi, choncho kutsogolo kukhale koyera ndi kopolishidwa. Wedge kapena block heel imakweza mpendero kuti usakwekwereze pansi. Chidendene chowonda chimakola mpendero pokwera masitepe, ndipo anthu amagwa nazo zimenezi. Mukamapita kwa telala kukayezetsa, nyamulani nsapato zomwe muzivalira diresiyo muvale poyeza. Diresi yoyezedwa muli pa gogoda simungaivalire flat osaiponda, ndipo yoyezedwa muli pa patapata imakalendewera m'malere mukavala chidendene.

Diresi yotambalala kuchokera m'chiuno. Chovalacho n'chachikulu kale, ndiye nsapato ikhale yopepuka m'maonekedwe: flat yabwino, Mary Jane kapena slingback.

Siketi ya mapindo kapena diresi ya mabatani kutsogolo. Loafers, nsapato zotseka zongopisa phazi zopanda zingwe ndi za chidendene chachifupi, zimayenerana nazo, ndipo kwa woimirira tsiku lonse n'zovuta kupeza zoziposa. Sankhani zowonda bwino kutsogolo, zopanda soli yaikulu ya mano.

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, makamaka ku Mzuzu ndi ku Dedza, timabuti tothera mu akakolo timayenda bwino ndi siketi yaitali. Valani ndi sitokingi yakuda ya mtundu umodzi ndi butiyo kuti mwendo usaoneke wodukaduka.

## 9. Sankhani mtundu

Yoyamba ikhale yakuda. Yachiwiri ikhale yabulawuni woyandikira khungu lanu, chifukwa imeneyi imayenda ndi chovala chilichonse ndipo imatalikitsa mwendo. Samalani ndi zomwe m'masitolo amalemba kuti nude: nthawi zambiri ndi zoyererako, zopangidwira khungu la azungu. Ikani nsapato pambali pa mwendo wanu panja powala, musankhe yosowa pakhungu lanu.

Chitenje chikakhala cha maluwa ambiri, nsapato ikhale ya mtundu umodzi wopanda zokongoletsa zambiri. Mukafuna kusintha pa yakuda, tengani mtundu umodzi wodera womwe uli m'chitenjemo, monga wofiira moderako kapena wabuluu woderako.

## 10. Ngati mukugula pa kaunjika

Nsapato zachikopa zabwino kwambiri zimapezeka pa kaunjika, kaya ku Tsoka ku Lilongwe, mumsika wa Limbe kapena m'masitolo a DAPP, ndipo mtengo wake umakhala wofikirika. Zonse zomwe tanena pamwambapa zikugwirabe ntchito, koma onjezerani izi.

Pitani cha m'ma 3 koloko, mapazi atatupa koma kunja kukadali kowala. Kukayamba chisisira, polishi amabisa zambiri.

Tembenuzani nsapato muone mmene chidendene chinathera. Chikakhala chodyeka mbali imodzi, mwini wake woyamba ankapondera chammbali, ndipo nsapatoyo idzakukakamizani kuponda ngati iyeyo.

Kanikizani soli ndi chikhadabo, muipinde mwamphamvu. Soli zina zofewa zikakhalitsa osavalidwa zimawola m'kati ngakhale zikuoneka zatsopano, ndipo zimadzanyenyeka panjira tsiku loyamba lomwe. Mukaona timing'alu, kapena soli ikumata kuchala, isiyeni ngakhale itatsitsidwa mtengo.

Kokani pang'ono pamene soli yalumikizana ndi chikopa, muone ngati pali guluu watsopano. Yerekezani manambala a nsapato ziwirizo ndipo muzigundanitse soli ndi soli, chifukwa pamulu zofanana maonekedwe zimasakanikirana.

Mukafika kunyumba, pukutani m'kati ndi sipiriti, muzisiye pamthunzi podutsa mphepo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Ngati insole, kopondera ka m'kati mwa nsapato, ikuchoka, ikanimo yatsopano. Izi zimachepetsa chiopsezo chotenga matenda oyabwa a m'zala.

## 11. Pitani kwa osoka nsapato, kenako izolowereni

Osoka nsapato a pamsika ndi a m'makonde a masitolo angathe kusintha nsapato yabwino kukhala yabwino kwambiri pa ndalama yochepa. Ngati soli ndi yoterera, apempheni amatepo mphira wopyapyala, chifukwa matayilosi a mu ofesi akangokolopedwa ndi oopsa. Lamba akakhwepa, aboole bowo lina. Kamphira ka kunsi kwa chidendene kasintheni msomali usanaonekere. Mukayamba kumva kulira kwa chitsulo poyenda, mwachedwa kale pang'ono.

Ambiri timakonda kusoketsa soli mozungulira nsapato ikadali yatsopano. Pa loafers ndi nsapato za soli yokhuthala zimathandizadi, bola ulusi ufanane ndi nsapato. Pa nsapato yopyapyala yotchenera, msokowo umaiwononga maonekedwe ndipo mfundo za ulusi zimatha kukulasani m'kati.

Valani nsapato yatsopano kunyumba madzulo kwa ola limodzi, masiku angapo. Kenako pitani nayo kuntchito theka la tsiku, yakale ili m'chikwama. Pamene mukumva kukhula, pakani Vaseline pakhungu kapena matanipo pulasitala thuza lisanatuluke.

Ngati n'kotheka, khalani ndi ziwiri zosinthanitsa kuti iliyonse iziuma thukuta tsiku lathunthu. Ikanyowa ndi mvula, ipukuteni matope, muikemo nyuzipepala zofinyafinya n'kuisiya pamthunzi.

Chenjezo: Musaiyanike padzuwa lamphamvu kapena pafupi ndi mbaula. Guluu amasungunuka ndipo chikopa chimauma n'kung'ambika.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kuyesa phazi limodzi. Nthawi zambiri timayesa lamanja titaima ndi mwendo umodzi pambali pa benchi. Lomwe simunayeselo ndi lomwe lingakhale lalikulu.

Kugula chifukwa yatsika mtengo. Nsapato yotchipa yomwe simuivala ndi ndalama yotayika yonse. Ngati mukukayika, dzifunseni ngati ikuyenda ndi zovala zitatu zomwe muli nazo kale. Ikapanda kutero, mudzafunikanso kugula diresi yoivalira.

Kuoda pa WhatsApp kapena pa Facebook ndi nambala yokha. Tumizani muyeso wa phazi m'masentimita, mupemphe wogulitsa ayeze m'kati mwa nsapato ndi tepi n'kukujambulirani, ayezenso chidendene. Gwirizanani za kusinthitsa musanatumize ndalama. N'chimodzimodzi mukamatuma achibale a ku Johannesburg kapena ku London: atumizireni muyeso, osati nambala.

Kuvala yatsopano tsiku lalikulu. Tsiku la intavyu, la msonkhano wautali kapena lolandira alendo kuntchito, valani yomwe phazi linaizolowera. Ipolisheni bwino basi.

Kuika insole yokhuthala mu nsapato yothina kale. Imadya malo a zala, ndipo ululu umangosamukira pamwamba. Mu nsapato ya chidendene ikani kopondera kopyapyala ka kutsogolo kokha. Ngati mukudziwa kuti mudzaikamo insole yathunthu, pitani nayo pokagula.

Kutsekera thonje kapena mapepala kunsonga ya nsapato yokhwepa. Zimakankha zala ndipo kumbuyo kumavukabe. Tizomatira tofewa toika kumbuyo kwa chidendene timathandiza ngati yakhwepa pang'ono. Ikakhwepa kwambiri, ipatseni wina.

Kunyalanyaza chidendene chokalika ndi nsonga yosupuka. Pa diresi ndi siketi nsapato imaoneka yonse, palibe mwendo wa thalauza woibisa. Ipukuteni madzulo aliwonse, ipolisheni kumapeto kwa sabata, ndipo sungani kansalu m'dirowa kopukutira fumbi mukangofika.

Kupirira ululu womwe sukutha. Zala zikamachita dzanzi, chidendene chikamalasa m'mawa uliwonse, kapena fupa la pachala chachikulu likamatupa ngakhale mwasintha nsapato, pitani kuchipatala. Amene muli ndi matenda a shuga samalani koposa, chifukwa phazi limatha kusiya kumva bwino ndipo kathuza kakang'ono kamasanduka chilonda chovuta kupola. Sankhani nsapato yotseka, yotambalala, yofewa m'kati ndi ya chidendene chachifupi, pisani dzanja m'kati musanavale, ndipo yang'anani mapazi anu kunsi ndi m'zala madzulo aliwonse mukavula.